Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira kuulutsa kiriketi ya Test pa wailesi ya kanema

Olemekezeka akuluakulu a nyumba zoulutsira masewero pa kanema, pamodzi ndi inu atsogoleri a mabungwe a kiriketi amene mumagulitsa chilolezo choonetsera masewero a Test,

Ndikupereka moni kwa nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pa ntchito zanu. Ine ndine mphunzitsi wa ku sekondale mumzinda wa Blantyre, ndipo masana ena ndimaphunzitsa ana kugwira bati ndi kuponya mpira pa bwalo la sukulu lomwe theka lake ndi fumbi lokhalokha. Dziko la Malawi silili m'gulu la mayiko 12 amene amasewera kiriketi ya Test, yomwe masewero ake amatha kutenga masiku asanu. Timu yathu imasewera ya maova 20 (ova imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi), ndipo masewero ake oyamba ovomerezeka a mtundu umenewu inasewera ndi Mozambique mu Novembala 2019. Kiriketi ya masiku asanu sinaseweredwepo pa bwalo lathu lililonse ngati Test, choncho zonse zimene ine ndi ana anga a sukulu timadziwa za masewero amenewa timazimva kuchokera pakamwa pa anthu amene inu mumawalemba ntchito yofotokozera. N'chifukwa chake ndalimba mtima kukulemberani poyera, pokumbukira kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa zabwino zilipo. Zithunzi zimene mumationetsa masiku ano n'zapamwamba kwambiri, moti timaona msoko wa mpira ukuzungulira mumlengalenga ndiponso chala cha woponya chikuutsetsereka. Mu Malichi 2018 ku Newlands, mumzinda wa Cape Town, anali makamera amene anagwira Cameron Bancroft wa ku Australia akukhula mpira ndi sandipepala kenaka n'kuibisa m'thalauza, nkhani imene inachititsa kuti kaputeni wake Steve Smith ndi wachiwiri kwa kaputeni David Warner aimitsidwe kusewera chaka chathunthu. Diso lanu ndi lakuthwa ndithu. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi mawu amene amaperekeza zithunzizo.

Bambo anga anagwira ntchito ku Bulawayo zaka zambiri, monga anachitira Amalawi ochuluka a msinkhu wawo, ndipo kumeneko ndi kumene anakondera masewerowa, atakhala pa kapinga wa ku Queens Sports Club tsiku lathunthu ndi botolo la tiyi pambali. Lero maso awo anachita ng'ala, moti pa kanema amangoona zinthu zoyera zikuyendayenda pa zobiriwira. Komabe masewero a Test akayamba amasendeza mpando wawo pafupi ndi TV, n'kupendeketsa mutu kuti khutu lakumanja, lomwe likumvabe bwino, liloze kumene kukuchokera mawu. Loweruka lina magetsi anathima masewero ali pakati, ndipo pamene anayaka patapita maola awiri ine ndinali panja ndikuchapa. Ndinamva akuitana kuti, "Mwanawe, tabwera undiuze, akumenya ndani, ndipo atuluka angati?" Nditalowa ndinapeza ofotokozera atatu ali pa nkhani ya gofu amene anasewera dzulo lake. Ndinawauza bambo zimene anafunsa, kenaka ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga dala. Maova anayi anatha, mipira 24, popanda aliyense wotchula kuchuluka kwa marani, omwe ndi mapointi a kiriketi, kapena dzina la woponya. Zonsezo zinali zolembedwa m'munsi mwa chithunzi, ndi zilembo zing'onozing'ono zimene bambo sangathe kuziona. Iwo anapukusa mutu n'kunena motsitsa kuti, "Anthuwa aiwala kuti tilipo."

Limeneli ndiye dandaulo langa loyamba: ofotokozera ambiri asiya kufotokoza masewero. Ndikudziwa kuti tsiku la Test ndi lalitali. Maova 90 ndi mipira 540, yoponyedwa m'maola asanu ndi limodzi, ndipo pakati pa mpira ndi unzake pamakhala mpata umene munthu angafune kuudzaza. Nkhani yakale si yoipa ikabwera pa nthawi yake, ndipo bambo amaikonda ikamakhudza zimene zikuchitika pabwalo. Koma zimene timamva kawirikawiri ndi macheza a anthu odziwana amene anasewerera limodzi, akukumbutsana kumene anakadya usiku wathawu, akunyogodolana za malaya amene wina wavala, ndi kuseka nthabwala zimene tanthauzo lake amalidziwa okha. Woonera amasanduka mlendo amene wasiyidwa pakhonde eni nyumba akucheza m'kati. Ife Amalawi tinakula tikumvera mpira wamiyendo pa wailesi, ndipo ntchito ya woulutsa timaidziwa bwino: amakuuza amene ali ndi mpira, mbali imene akulowera, zigoli ndi mphindi zimene zatsala, ndipo amabwereza osatopa chifukwa amadziwa kuti wina wangotsegula kumene wailesi. Kanema sanachotse udindo umenewu. Alipo okalamba, alipo osaona bwino, alipo amene akumvera ali kukhitchini, alipo oonera pa foni ya galasi losweka, ndipo onsewa amalipira ndalama zofanana ndi wina aliyense mwezi ukatha.

Dandaulo lachiwiri lingaoneke ngati likutsutsana ndi loyamba, koma onse awiri gwero lake ndi limodzi, lomwe ndi kuiwala woonera. Ofotokozera akakhala kuti sakucheza, amakuwa. Chizolowezi chimenechi chachokera ku kiriketi ya maova 20, kumene mpira uliwonse umatengedwa ngati chozizwitsa. M'masewero a masiku asanu, marani anayi a m'mawa wa tsiku loyamba sangakuwiridwe mofanana ndi wiketi yomaliza, kutanthauza kutuluka kwa womenya womaliza, ya madzulo a tsiku lachisanu, chifukwa munthu akakuwa pa zonse khutu limazolowera, ndipo ikafika nthawi yeniyeni yofunika kukweza mawu amakhala alibenso pokwezera. Malemu Richie Benaud, amene anali kaputeni wa Australia ndipo anafotokozera masewero pa kanema zaka zoposa 40 asanamwalire mu 2015, ankalangiza anzake kuti asalankhule pokhapokha ngati ali ndi choonjezera pa chimene chithunzi chikuonetsa kale. Lero mumaika anthu atatu pa maikolofoni nthawi imodzi, ndipo aliyense amaona ngati akakhala chete ndiye kuti sakugwira ntchito.

Chimene phokoso limeneli limatibera ndi mawu a masewero eniake. Ku Zimbabwe kuli Dean du Plessis, wofotokozera kiriketi amene anabadwa wosaona. Iye amatsatira masewero pomvera maikolofoni ya pa timitengo ta wiketi: kugunda kwa phazi la woponya, kubuula kwake potulutsa mpira, kulira kwa bati mpira ukagunda pakati kapena m'mphepete, ndi mfuu ya omenya akamauzana kuti athamange kapena adikire. Ngati munthu angathe kuwerenga masewero onse kuchokera m'mawu amenewa, ndiye kuti muli chuma chambiri m'menemo, ndipo bambo anga nawonso akanachipeza mukanalola kuti chimveke. Pamene woponya wayamba kuthamanga, wofotokozera ayenera kutseka pakamwa mpaka mpira utamenyedwa, kenaka anene mwachidule chimene chachitika.

Ndifike pa dandaulo lachitatu, lomwe limandiwawa kwambiri monga mphunzitsi. Kiriketi ya Test zambiri zake n'zobisika. Mwana amene akuionera koyamba amaona munthu akusiya mpira ukudutsa osaumenya, kenaka wina, kenakanso wina, ndipo amaganiza kuti palibe chikuchitika. Pomwe pali nkhondo yaikulu: woponya akumunyengerera womenya kuti atambasule dzanja kutali ndi thupi, anthu atatu aima kumbuyo pa slip kudikira mpira wokhudza m'mphepete mwa bati, ndipo womenyayo akudziletsa chifukwa akudziwa kuti pakatha ola limodzi mpira udzafewa, dzuwa lidzaumitsa pomenyera, ndipo marani adzabwera okha. Wofotokozera ndi amene ayenera kutsegula maso a mwanayo. Amuuze chifukwa chake kaputeni wasuntha munthu mmodzi mapazi asanu. Amuuze kuti mpira watsopano umaloledwa pakatha maova 80, ndipo n'chifukwa chake oponya mwaliwiro akupumitsidwa pa ova ya 70. Amuuze kuti ku England amasewera ndi mpira wa Dukes, ku India wa SG, pomwe ku South Africa ndi ku Australia ndi wa Kookaburra, ndipo msoko wa uliwonse umatha mosiyana. Amuuze chifukwa chake osewera amapukuta mbali imodzi yokha ya mpira pa thalauza, ndi mmene mpira wakale umayambira kukhotera ku mbali yosalalayo, chomwe amachitcha reverse swing. Zimenezi sizitenga mphindi imodzi kuzifotokoza, koma masiku amatha osazimva.

M'malo mwake timamva ofotokozera akudandaula kuti masewero akuchedwa ndipo akugwetsa ulesi. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene amagwira bati mowongoka kuposa anyamata onse a m'timu yathu, anandifunsa tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, ngati iwo omwe akuti zikubowa, ife tizionera chifukwa chiyani?" Ndinamufotokozera za ku Adelaide mu Novembala 2012, pamene South Africa, ikusewera ndi Australia, inapatsidwa marani 430 oti ithamangitse ndipo kupambana kunali kosatheka. Faf du Plessis, m'masewero ake oyamba a Test, anaima kuyambira madzulo a tsiku lachinayi mpaka kumapeto kwa tsiku lachisanu, anakumana ndi mipira 376 n'kupeza marani 110 osatuluka, pomwe AB de Villiers, munthu wodziwika ndi kumenya mwaukali, anadzigwira mtima n'kupeza marani 33 okha pa mipira 220. Matimuwo analepherana, ndipo kulepheranako n'kumene kunapatsa South Africa mpata wokapambana ku Perth ndi kutenga mpikisano wonse. Mtsikanayo anamvetsa msanga, chifukwa kwathu kuno mwana aliyense amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma si ine ndiyenera kukonza Lolemba zimene munthu wolipidwa waononga Loweruka.

Chimodzimodzinso nkhani ya DRS, njira imene osewera amapemphera kuti chigamulo cha ampaya, woweruza masewero, chionedwenso pa kanema, monga pamene mpira wagunda mwendo wa womenya ukulowera ku timitengo. Nthawi zambiri chithunzi chikaonetsa mpira ukukhudza pang'ono kamtengo koma womenya osatulutsidwa, ofotokozera amayamba kukangana ngati lamulo la umpire's call n'labwino kapena ayi, osayamba afotokoza kuti lamulolo likuti chiyani. Njira ya mpira ikadutsa pamene unagunda mwendo, chimene kompyuta imajambula ndi kuyerekeza chabe, chifukwa mpirawo sunafike kumeneko. Choncho gawo la mpira lokhudza timitengo likakhala lochepera theka, chigamulo cha ampaya wa pabwalo chimakhala chomwecho. Anthu ambiri amene ndimaonera nawo amaganiza kuti pamenepo pachitika chinyengo, ndipo palibe amene amawamasulira. Ndikudziwa kuti luso lofotokoza lilipo pakati panu, chifukwa Michael Atherton, Nasser Hussain, Ricky Ponting, Shaun Pollock ndi Mpumelelo Mbangwa akapatsidwa mpata amatha kukuonetsa msampha umene woponya akutchera usanafwamphuke. Vuto ndi lakuti mpata umenewu umaperekedwa mwa apo ndi apo, ngati kuti kuphunzitsa ndi chinthu chongoonjezera.

Dandaulo lachinayi ndi tsankho pakati pa matimu, lomwe nthawi zambiri limayamba ndi ulesi wosakonzekera. Masewero akakhala a England, Australia kapena India, ofotokozera amadziwa sukulu imene wosewera aliyense anaphunzira ndi mphunzitsi amene anamukonza kaponyedwe. Akakhala a Zimbabwe, Bangladesh, Sri Lanka kapena West Indies, timamva mawu omwewomwewo oti anyamatawa akuyesetsa ndipo aphunzirapo kanthu, ngati kuti ndi ana a sukulu amene abwera kudzaona malo. Mayina monga Muzarabani, Ngarava ndi Masakadza amapotozedwa tsiku loyamba mpaka lomaliza, pomwe kufunsa mwini wake katchulidwe koyenera n'chinthu cha mphindi ziwiri. Ife amene mayina athu amafanana ndi amenewa timamva kuwawa kwake. Mu Meyi 2025 Zimbabwe inasewera Test ndi England ku Trent Bridge, koyamba chichokere 2003, ndipo ngakhale inagonja, Brian Bennett wa zaka 21 anamenya marani 139. Blessing Muzarabani anakulira ku Highfield mumzinda wa Harare, ndipo anaphunzirira ku kalabu ya Takashinga kumene kunachokeranso Tatenda Taibu ndi Hamilton Masakadza. Mbiri ya kalabu imeneyi, ya mmene ana a m'makomboni analowera m'masewero amene kale anali a azungu, ndi nkhani yoti wofotokozera aliyense aziidziwa asanakhale pa maikolofoni.

Taonani zimene zinachitika m'chaka chimodzi cha 2019. Mu Ogasiti, Ben Stokes anamenya marani 135 osatuluka ku Headingley, England ikuthamangitsa 359, ndipo iye ndi womenya womaliza Jack Leach anaonjezera marani 76 mpaka kugonjetsa Australia. Zinali zodabwitsa ndithu, ndipo n'koyenera kuti zimakumbukiridwa. Koma miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, mu Febuluwale ku Kingsmead mumzinda wa Durban, Kusal Perera wa ku Sri Lanka anamenya marani 153 osatuluka pothamangitsa 304, kudziko la eni, akulimbana ndi Dale Steyn ndi Kagiso Rabada, ndipo iye ndi womenya womaliza Vishwa Fernando anaonjezera marani 78. Sri Lanka inapitirira kukhala timu yoyamba ya ku Asia kupambana mpikisano wa Test ku South Africa. Masewero akafika pa wiketi yomaliza lero, dzina la Stokes limatchulidwa nthawi yomweyo, koma la Perera ndimalimva mwakamodzikamodzi. Ngakhale South Africa isanasewere ndime yomaliza ya World Test Championship, mpikisano wa dziko lonse wa Test, ndi Australia ku Lord's mu Juni 2025, akatswiri ena ankalimbikira kunena kuti yafika kumeneko podutsa njira yapafupi. Timuyo inathamangitsa marani 282, Aiden Markram anamenya 136, Temba Bavuma anamenya 66 akutsimphina ndi mnofu wa m'ntchafu wovulala, Rabada anatenga mawiketi asanu ndi anayi m'masewero onse, ndipo Australia inagonja.

Nthawi zina kusakonzekera kumeneku kumafika pa chipongwe chenicheni. Mu Ogasiti 2006 ku Colombo, wofotokozera malemu Dean Jones anamveka pa kanema akutchula wosewera wa South Africa Hashim Amla, Msilamu wosunga ndevu, kuti ndi chigawenga, ndipo anachotsedwa ntchito. Mu Disembala 2018 ku Melbourne, wofotokozera wina, Kerry O'Keeffe, ananyoza marani oposa 300 amene Mayank Agarwal anamenya m'mpikisano wa kwawo ku India, ponena kuti anawapeza posewera ndi ogwira ntchito m'kantini. Onse awiri anapepesa, ndipo sindikuwatchula pofuna kutosa zilonda zakale. Ndikufuna muone kuti mawu otere amatuluka mosavuta m'chipinda chimene anthu ake onse ndi ofanana, amaseka zofanana, ndipo aiwala kuti akumveka m'nyumba za anthu a mitundu yonse. Yerekezani ndi zimene wofotokozera Ian Bishop wa ku West Indies anachita ku Brisbane mu Januwale 2024, pamene Shamar Joseph, mnyamata wa m'mudzi wa Baracara ku Guyana amene kale anali mlonda, anatenga mawiketi asanu ndi awiri popereka marani 68 ali ndi chala chakuphazi chovulala, ndipo West Indies inagonjetsa Australia ndi marani asanu ndi atatu. Bishop ankadziwa kumene mnyamatayo anachokera ndi zimene anadutsamo, moti pamene anakweza mawu pa wiketi yomaliza, mawuwo anali ndi maziko. Bambo anga, amene sanaone mpira ndi umodzi womwe, anaimirira pampando.

Dandaulo lachisanu ndi la malonda, makamaka a juga. Ndikumvetsa kuti chilolezo choonetsera masewero n'chodula ndipo otsatsa malonda ndi amene amakuthandizani kulipira. Koma pali kusiyana pakati pa kutsatsa pamene ova yatha ndi kuika mawu a malonda m'kamwa mwa wofotokozera mpira uli m'mwamba. Choopsa kwambiri ndi pamene munthu amene mwana amamukhulupirira ngati mphunzitsi wa masewero ayamba kumuwerengera mitengo ya kubetcha. M'matauni mwathu achinyamata ambiri agwa kale m'dzenje limeneli kudzera pa mafoni, ndipo ine ndaonapo mwana wa sukulu atabetchera ndalama ya mayeso. Kiriketi yokha ili ndi zipsera zokwanira pa nkhaniyi. Hansie Cronje, amene anali kaputeni wa South Africa, analandira ndalama ndi jekete lachikopa kuchokera kwa munthu wa juga pa Test ya ku Centurion mu Januwale 2000, ndipo osewera atatu a Pakistan anamangidwa chifukwa cha mipira yolakwika dala ku Lord's mu 2010.

Lachisanu ndi chimodzi ndi la ufulu wolankhula. M'mayiko ena bungwe la kiriketi ndi lomwe limasankha kapena kuvomereza ofotokozera, ndipo zotsatira zake timazimva ndi makutu athu: pomenyera pakakhala poipa palibe amene amanena, timu ya eni dziko ikasankhidwa molakwika onse amayang'ana kumbali. Mu 2013 Ian Chappell wa ku Australia anakana ntchito yofotokozera masewero ku India atamva kuti sadzaloledwa kukamba za kasankhidwe ka timu, za DRS ndi za kayendetsedwe ka bungwe. Ndi ochepa amene angakwanitse kukana ntchito motero. Koma pamene munthu wapatsidwa ufulu, kanema amakwera pamwamba. Pa 8 Julayi 2020 ku Southampton, mvula italetsa masewero a England ndi West Indies kuyamba, ofotokozera Michael Holding ndi Ebony Rainford-Brent analankhula mosabisa za tsankho la khungu, ndipo anthu amene sanaonerepo kiriketi anamvetsera. Woonera amazindikira msanga ngati akuuzidwa zoona kapena ngati akusangalatsidwa chabe.

Lomaliza likukhudza kalembedwe ka ntchito. Zikuoneka kuti munthu akangosiya kusewera ali ndi dzina lalikulu, sabata yotsatira mumamupatsa maikolofoni. Kudziwa kumenya mpira ndi luso lina, kufotokoza ndi linanso, ndipo lachiwirili limaphunziridwa. Benaud yemweyo anali mtolankhani wa nyuzipepala, ndipo mu 1956, akusewerabe, anatsalira ku London kuti aphunzire ntchito ya kanema ku BBC. Malemu Tony Cozier wa ku Barbados sanasewerepo Test, koma kwa zaka pafupifupi 50 anali liwu la kiriketi ya West Indies. Harsha Bhogle wa ku India nayenso sanasewerepo Test, chimodzimodzi Natalie Germanos ndi Kass Naidoo a ku South Africa, ndipo anthu otere ndi amene amafunsa katswiri funso limene woonera ali nalo mumtima. Chinanso, chichokere nthawi ya Covid-19 kwafala chizolowezi choika ofotokozera m'chipinda cha kutali, akuonera chithunzi chomwecho chimene ife tikuona. Munthu wotere sangatiuze kuti mitambo ikubwera kuchokera kumadzulo, kapena kuti woponya wina wayamba kudziwongola kumalire kwa bwalo. Pamene ndadzuka 1:30 usiku kuti ndionere Test ya pa 26 Disembala ku Melbourne, ndimafuna munthu amene ali pamalopo kuti akhale maso anga.

Poona zonsezi, ndikupempha mwaulemu kuti muchite zinthu izi:

1. Lamulani kuti pakutha pa ova iliyonse wofotokozera anene pakamwa kuchuluka kwa marani, mawiketi amene agwa, mayina a omenya awiri ndi dzina la woponya, ndipo pakatha theka la ola anene mwachidule pamene masewero afika.

2. Bwererani ku anthu awiri pa maikolofoni, mmodzi wofotokoza zimene zikuchitika ndi wina womasulira chifukwa chake, ndipo onse akhale chete kuyambira pamene woponya wayamba kuthamanga mpaka mpira utaseweredwa. Onjezaninso njira ina ya mawu pa dikoda yoti munthu azimva phokoso la pabwalo lokha ngati wafuna.

3. Aliyense watsopano, kaya anatchuka motani akusewera, ayambe waphunzitsidwa ntchito youlutsa mawu, ndipo pa gulu lililonse pakhale mtolankhani wodziwa ntchitoyi ngakhale sanasewerepo Test, amayi ndi abambo omwe.

4. Pa masewero alionse pakhale wofotokozera wochokera ku dziko la timu yobwera, amene akhale pa maikolofoni nthawi yofanana ndi anzake, ndipo masewero asanayambe wosewera aliyense ajambulidwe akutchula dzina lake kuti ofotokozera aphunzire katchulidwe kake.

5. Chotsani mitengo ya kubetcha ndi mayina a makampani a juga m'kamwa mwa ofotokozera, ndipo malonda ena onse adikire ova ithe.

6. Lembani poyera kuti palibe wofotokozera amene adzachotsedwe ntchito chifukwa chodzudzula mwachilungamo pomenyera, ampaya, kasankhidwe ka timu kapena bungwe la kiriketi, ndipo ngati masewero akufotokozedwa kuchokera m'chipinda cha kutali, tiuzeni pachiyambi pomwe.

7. Tsegulani njira ya mawu ya anthu ophunzira kumene masewerowa, ya Chingerezi chosavuta ndi yomasulira malamulo. Ku India masewero amamveka m'Chihindi, m'Chitamilu ndi m'zilankhulo zina, ndipo ku South Africa ena amamveka m'Chixhosa. Yesani Chishona ndi Chindebele pa masewero a Zimbabwe, ndipo tsiku lina muyese Chichewa, chomwe chimamveka ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi m'makomboni ambiri a ku Zimbabwe, ngakhale kutakhala kufotokoza mwachidule kwa mphindi 15 pakutha pa tsiku.

Zambiri mwa zimenezi sizifuna ndalama, ndipo pempho loyamba mungathe kuliyamba pa masewero a Test akubwerawa ndi uthenga umodzi wopita kwa oyang'anira chipinda choulutsira mawu. Ndikupempha kuti muyankhe kalata ino poyera, monga momwe ndailembera poyera, kuti aphunzitsi anzanga, makolo ndi ana amene timaonera nawo amve yankho lanu. Likadzafika ndidzawawerengera bambo anga mokweza, kukhutu lakumanja.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi ndi woonera kiriketi ya Test,
Blantyre